Chase, Sewell kapena kugulitsa nambala: kuyerekeza njira zomwe Cincinnati Bengals inali nazo mu 2021

Kuyambira mu Januwale mpaka kumapeto kwa Epulo 2021, ochemerera Cincinnati Bengals, timu yomwe imasewera mpira wa ku America mu ligi ya NFL, anali pamtsutso waukulu wokhudza wosewera yemwe timu yawo iyenera kutenga ikafika nthawi yake yosankha pa nambala 5. Ena ankafuna Ja'Marr Chase, mnyamata waliwiro wowakha mpira wochokera ku yunivesite ya LSU, pomwe ena ankafuna Penei Sewell wa ku yunivesite ya Oregon, chimphona chomwe ntchito yake ndi kutchinga adani kuti asafike pa woponya mpira. Panalinso kagulu kochepa komwe kankati nambalayo ingogulitsidwa kuti timu ipeze osewera angapo m'malo mwa mmodzi. Chase ndi Sewell onse anadzakhala akatswiri otchuka, choncho palibe mbali yomwe lero ingapambane mtsutsowu pongonena kuti munthu wa mbali inayo anali wosatha mpira. Chomwe chatsala ndi kuyeza njira zenizenizo, ubwino wake ndi mtengo wake.

Mu NFL timu siingotulutsa ndalama n'kugula mnyamata aliyense amene yamusirira monga zimachitikira mumpira wamiyendo ku Ulaya. Osewera ochokera m'mayunivesite amalowa mu ligi kudzera mu draft, dongosolo lomwe matimu onse 32 amasankha mosinthana m'ndime 7, ndipo timu yomwe inachita moipitsitsa musizoni yapitayo ndiyo imayamba kusankha. Palinso malire a ndalama zomwe timu iliyonse ingalipire osewera ake onse pachaka, ndipo mu 2021 malirewo anali $182.5 miliyoni, atatsika kuchokera pa $198.2 miliyoni chifukwa cha mliri wa Covid-19. Wosewera wosankhidwa m'ndime yoyamba amasaina kontrakiti ya zaka 4 pamalipiro omwe anakhazikitsidwa kale, ndipo timu imakhala ndi ufulu wowonjezera chaka chachisanu. Zotsatira zake n'zakuti katswiri wopezeka mu draft amakhala wotchipa kwambiri poyerekeza ndi katswiri wogulidwa pamsika, ndipo n'chifukwa chake nambala yapamwamba ngati 5 imakanganitsa anthu kwa miyezi.

Bengals inali itasankha kale quarterback wake, yemwe ndi woponya mpira komanso mtsogoleri wa gulu loukira. Itapambana masewero awiri okha mu 2019, inatenga Joe Burrow wa ku LSU pa nambala 1 mu 2020, ndipo mphunzitsi Zac Taylor anamugwiritsa ntchito mosamunyengerera: m'masewero 10 Burrow anaponya mpira ka 404, kuphatikizapo ka 61 m'sewero limodzi ku Cleveland, ndipo adani anamugwetsa ka 32 asanaponye. Pa 22 Novembala 2020, posewera ndi Washington, anamugwera pamwendo wakumanzere n'kumudula mitsempha iwiri ya m'bondo, sizoni yake n'kuthera pomwepo. Timu inamaliza itapambana masewero 4, kugonja 11 ndi kufanana mphamvu kamodzi. Mwezi wa Malichi 2021 A.J. Green, yemwe kwa zaka 10 anali wowakha wamkulu wa timuyi, ananyamuka kupita ku Arizona Cardinals. Apa n'pomwe panachokera magulu awiriwo, chifukwa khoma loteteza Burrow linali lobooka, komanso munthu woti aziopseza adani patali panalibe.

Njira yoyamba: kutenga Sewell

Maganizo a okonda Sewell anali osavuta kuwamvetsa, ndipo anali ndi umboni wochuluka. Sewell, yemwe anabadwira ku American Samoa, analandira Outland Trophy mu 2019, mphoto yomwe imaperekedwa kwa wosewera wabwino koposa wapamzere m'mayunivesite, ali ndi zaka 19 zokha, ndipo patsiku la draft anali asanakwanitse zaka 21. Munthu wotero akhoza kuteteza quarterback kwa zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo anthu a ku Cincinnati sankafunika kuuzidwa zimenezi, popeza wosewera wamkulu koposa m'mbiri ya timu yawo ndi Anthony Muñoz, tackle (wosewera wam'mphepete mwa khoma) yemwe anasankhidwa pa nambala 3 mu 1980. Ankakumbukiranso bondo la quarterback wawo Carson Palmer lomwe linawonongeka mu Januwale 2006 posewera ndi Pittsburgh Steelers, komanso kuti timu yawo inalola tackle Andrew Whitworth kupita ku Los Angeles Rams mu 2017, khoma n'kuyamba kugumuka kuyambira pamenepo.

Umboni wochokera kumatimu ena unali wowopsa kuposa apa. Quarterback David Carr, yemwe Houston Texans inamusankha pa nambala 1 mu 2002, anagwetsedwa ka 76 m'sizoni yake yoyamba ndipo sanafike pomwe anthu ankayembekezera. Andrew Luck wa Indianapolis Colts anasiya mpira mu Ogasiti 2019 ali ndi zaka 29 atatopa ndi kuvulala. Ndipo mu Febuluwale 2021, mtsutso uli mkati, aliyense anaona quarterback Patrick Mahomes akuthawathawa m'bwalo pomwe Kansas City Chiefs inagonja 31-9 kwa Tampa Bay Buccaneers mu Super Bowl, sewero lomaliza lolimbirana chikho cha NFL, ngakhale inali ndi owakha aluso Tyreek Hill ndi Travis Kelce, chifukwa ma tackle ake onse awiri odalirika anali atavulala. Okonda Sewell ankati owakha aluso alibe ntchito ngati woponya mpira ali chagada.

Kufooka kwa njirayi kuli pa mmene khoma limagwirira ntchito. Pakhoma pamakhala anthu 5: tackle wakumanzere, guard wakumanzere, center, guard wakumanja ndi tackle wakumanja, ndipo adani amafunafuna amene ali wofooka mwa iwo n'kumuthira nkhondo masewero onse. Zili ngati mpanda wa dimba, womwe mbuzi zimalowera pobooka ngakhale mbali inayo mutamanga ndi njerwa. Vuto lalikulu la Bengals mu 2020 silinali m'mphepete mokha ayi, linalinso pakati, ndipo ngakhale patsiku lomwe Burrow anavulala, chiopsezo chinadzera kwa guard yemwe anakankhidwira kumbuyo mpaka pamiyendo pake. Kumanzere timu inali kale ndi Jonah Williams, yemwe inamusankha pa nambala 11 mu 2019, ndipo kumanja inali itangolemba Riley Reiff pakontrakiti ya chaka chimodzi. Sewell akanaposa onse awiri, koma akanangotseka malo amodzi mwa asanu.

Palinso mbiri yomwe okonda khoma sankakonda kuitchula, yakuti Bengals inali itayesa kale njira imeneyi kangapo osaphula kanthu. Inasankha Cedric Ogbuehi pa nambala 21 mu 2015 ndi Billy Price pa nambala 21 mu 2018, onse apakhoma, ndipo onse sanakhazikike, pomwe Williams sanasewereko sizoni yake yoyamba yonse chifukwa cha phewa. Izi sizikutanthauza kuti Sewell akanalephera, koma zikuonetsa kuti khoma la Bengals silinabooke chifukwa chosowa nambala zapamwamba zokha.

Zomwe Sewell anachita ku Detroit Lions, yomwe inamutenga pa nambala 7, zimathandiza mbali zonse ziwiri. Anasankhidwa kukhala m'gulu loyamba la All-Pro, la osewera abwino koposa pamalo aliwonse mu ligi, mu 2023 ndi 2024, ndipo mu Epulo 2024 anasaina kontrakiti ya zaka 4 ya $112 miliyoni. Koma anapeza Taylor Decker ndi Frank Ragnow ali kale pakhomapo, ndiye kuti anali womalizitsa ntchito yomwe ena anaiyamba, ndipo ngakhale zinali choncho Lions inapambana masewero atatu okha mu 2021. Phindu lake linadzaoneka pang'onopang'ono: masewero 9 mu 2022, 12 mu 2023 ndi 15 mu 2024.

Njira yachiwiri: kutenga Chase

Chase sanali wowakha wamba yemwe akanabwera kudzaphunzira kaponyedwe ka Burrow. Awiriwa anali atasewera limodzi ku LSU mu 2019, chaka chomwe timuyo inapambana masewero onse 15 n'kutenga chikho cha mayunivesite, Burrow ataponya ma touchdown (zigoli za mpira umenewu) 60, ndipo 20 mwa amenewo anawakha ndi Chase, yemwe anamaliza ndi mayadi 1,780 (mtunda womwe anapititsa mpira patsogolo) n'kulandira Biletnikoff Award, mphoto ya wowakha wabwino koposa m'mayunivesite. Mumpira umenewu quarterback nthawi zambiri amaponya wowakha asanatembenuke, podalira kuti akafika pamalo omwe anagwirizana pa nthawi yake, ndipo kudziwana kotereku kumatenga sizoni imodzi kapena ziwiri kuti kukhwime. Bengals inali ndi mwayi wokugula kutakhwima kale.

Mfundo yamphamvu koposa ya okonda Chase inali yakuti wowakha woopsa amateteza quarterback m'njira yakeyake. Adani akadziwa kuti pali munthu yemwe sangamusiyire wotchinga mmodzi, amakakamizika kuika osewera awiri kumbuyo kwenikweni, zomwe zimachepetsa anthu omwe angathamangire quarterback komanso zimatsegula malo kwa ena. Mu 2020 Bengals inali ndi Tee Higgins, yemwe anapeza mayadi 908 m'sizoni yake yoyamba, ndi Tyler Boyd, katswiri wa mipira yaifupi pakati pabwalo, koma panalibe yemwe ankachititsa adani kubwerera m'mbuyo. Green anali atatha mphamvu, moti pamipira 104 yomwe inaponyedwa kwa iye anawakha 47 yokha. Wowakha wapamwamba amasiyana ndi wapakhoma pamenepa, chifukwa ngakhale anzake atakhala ofooka, luso lake limasinthabe masewero.

Zokayikitsa zinalipo. Chase, monga Sewell, sanasewere sizoni ya 2020 chifukwa cha mliri, ndipo Bengals inali ndi chilonda cha John Ross, wowakha waliwiro yemwe inamusankha pa nambala 9 mu 2017 koma sanaphule kanthu. M'masewero opimana mphamvu a mu Ogasiti 2021 Chase anagwetsa mipira ingapo yosavuta, ndipo okonda Sewell anayamba kale kunena kuti timu yataya bomwetamweta. Koma sizoni itayamba nkhani inasintha msanga. Anawakha touchdown ya mayadi 50 m'sewero loyamba ndi Minnesota Vikings, anapeza mayadi 201 ku Baltimore mu Okutobala pomwe Bengals inakwapula Ravens 41-17, ndipo pa 2 Januwale 2022 anapeza mayadi 266 ndi ma touchdown atatu pomwe timu inagonjetsa Chiefs 34-31 n'kutenga ukatswiri wa chigawo cha AFC North. Anamaliza sizoni ndi mayadi 1,455 ndi ma touchdown 13, n'kusankhidwa kukhala wosewera watsopano wabwino koposa pagulu loukira.

Mtengo wake unaonekanso chaka chomwecho. Burrow anagwetsedwa ka 51 m'masewero a ligi, kuposa quarterback wina aliyense, ndipo m'ndime ya chipulula anagwetsedwanso ka 19. Ku Tennessee anamugwetsa ka 9 m'sewero limodzi, Bengals n'kupambanabe 19-16. Timu yomwe inali isanapambaneko sewero la chipulula kuyambira Januwale 1991 inapambana atatu motsatizana, kuphatikizapo la ku Kansas City komwe inali kumbuyo 21-3 n'kudzapambana 27-24, mpaka inafika mu Super Bowl pa 13 Febuluwale 2022.

Mphindi yomaliza ya sewero limenelo ndi yomwe magulu onse awiri amaitchula mpaka lero, aliyense ngati umboni wake. Rams inkatsogola 23-20, Bengals ili pakati pabwalo ndipo yatsala ndi mwayi umodzi wokha wopezera yadi imodzi. Kumanja Chase anamudutsa Jalen Ramsey, wotchinga wa Rams, yemwe anagwa pansi, moti kutsogolo kwake kunalibe munthu. Koma Aaron Donald, wothamangitsa ma quarterback wa Rams, anali atapyola kale guard wakumanzere, namugwira Burrow n'kumuzunguza asanakweze maso, ndipo mpira womwe anauponya ali mkugwa unagwera pansi. Okonda khoma amati sekondi imodzi yokha ikanapatsa Cincinnati chikho chake choyamba. Okonda Chase amayankha kuti popanda iye timu sikanafika n'komwe m'bwalo limenelo, ndipo amawonjezera kuti Donald anadzera pakati, malo omwe Sewell sasewera. Pamfundo yachiwiriyi akunena zoona, ndipo ndi mfundo yomwe siyankhidwa kawirikawiri. Tackle wakumanzere wa Rams tsiku limenelo anali Whitworth yemwe uja, ali ndi zaka 40.

Njira yachitatu: kugulitsa nambala

Njira imeneyi inali ndi nzeru zake, chifukwa chaka chimenecho matimu osowa quarterback ankalipira modula kuti akwere. San Francisco 49ers inapereka nambala 12 pamodzi ndi mwayi wake wa ndime yoyamba wa 2022 ndi 2023 kuti ifike pa nambala 3, ndipo usiku wa draft Chicago Bears inapereka mwayi wake wa ndime yoyamba wa 2022 ndi zina kuti ichoke pa 20 kufika pa 11 n'kutenga Justin Fields. Bengals ikanatsika pang'ono ikanapezabe munthu wabwino, popeza DeVonta Smith, wowakha wa ku Alabama, anapita pa nambala 10, ndipo Rashawn Slater, tackle yemwe anasankhidwa kupita ku Pro Bowl, sewero la akatswiri a ligi, m'sizoni yake yoyamba, anafika mpaka pa 13. Vuto lake n'lakuti timu ikatsika imasiya kusankha n'kuyamba kudikira zomwe ena asiya, komanso phindu lalikulu limabwera chaka chamawa, pomwe zaka zotchipa za kontrakiti ya Burrow zinali zikutha. Banja la a Mike Brown, eni timuyi, silidziwikanso ndi malonda otere m'ndime yoyamba.

Za Kyle Pitts, tight end (wosewera yemwe amaima pafupi ndi tackle) wa ku Florida yemwe ena ankati akanawakha komanso kuthandiza khoma, sitingachedwepo, chifukwa Atlanta Falcons inamutenga pa nambala 4 Bengals isanapatsidwe mpata.

Pomwe panagona nkhani

Njira ziwiri zoyambazo sizinali zosankha munthu mmodzi yekha ayi. Aliyense wonena kuti titenge Chase ankalonjezanso kuti khoma lidzakonzedwa m'ndime yachiwiri ndi pamsika, ndipo wonena kuti titenge Sewell ankalonjeza kuti wowakha adzapezeka m'ndime zotsatira. Choncho funso loyenera kufunsa ndi lakuti ndi lonjezo liti lomwe linali losavuta kukwaniritsa, ndipo draft ya 2021 yomweyo ikupereka mayankho awiri osiyana. Lions itatenga Sewell inapeza Amon-Ra St. Brown m'ndime yachinayi pa nambala 112, ndipo iyeyu anadzakhala mmodzi mwa owakha odalirika koposa mu ligi. Chiefs, itachititsidwa manyazi ndi Tampa Bay, inamanganso khoma lake lonse m'miyezi iwiri popanda nambala yapamwamba: inalemba guard Joe Thuney pakontrakiti ya zaka 5 ya $80 miliyoni, inagula tackle Orlando Brown Jr. kuchokera ku Ravens, kenako inasankha center Creed Humphrey pa nambala 63 ndi guard Trey Smith m'ndime yachisanu ndi chimodzi.

Bengals nayo inayesa kukwaniritsa lonjezo lake, koma inaphonya. M'ndime yachiwiri inatsika kuchoka pa nambala 38 kufika pa 46 n'kutenga Jackson Carman wa ku Clemson, yemwe ankasewera ngati tackle kuyunivesite, ndi cholinga chomusandutsa guard. Carman sanakhazikike pamalo amenewo ndipo timu inadzamuchotsa mu 2024. Humphrey anali akadalipo pa nambala 46, ndipo anakhala kwa nambala zina 17 asanatengedwe. Reiff atavulala mu Disembala 2021, mbali yonse yakumanja ya khoma inatsala m'manja mwa osewera omwe poyamba anali apabenchi, ndipo ndi omwewo amene anakumana ndi Donald ndi Von Miller mu Super Bowl momwe Burrow anagwetsedwa ka 7. Kwa ine, ngati pali chosankha cha mu 2021 chomwe chinalanda Cincinnati chikho, ndi cha nambala 46 osati cha nambala 5.

Msika umatsimikizanso kuti katundu wovuta kupeza anali Chase. M'chaka chotsatira Las Vegas Raiders inapereka mwayi wa ndime yoyamba ndi yachiwiri kuti igule Davante Adams, Miami Dolphins inapereka mwayi usanu kuti igule Tyreek Hill, ndipo Philadelphia Eagles inapereka nambala 18 ndi ina kuti igule A.J. Brown, kenako matimu onsewa anawalipiranso owakha amenewa makontrakiti akuluakulu. Tackle wapamwamba nayenso ndi wodula, monga momwe kontrakiti ya Trent Williams ya zaka 6 ya $138 miliyoni inaonetsera mu Malichi 2021, koma khoma silifuna akatswiri asanu, limangofuna anthu asanu omwe palibe wofooketsetsa pakati pawo, ndipo anthu otere amapezeka pamsika chaka chilichonse. Bengals inachita zimenezi mu Malichi 2022 polemba Alex Cappa, Ted Karras ndi La'el Collins nthawi imodzi, inapambana masewero 12 n'kufikanso m'ndime yomaliza ya AFC, yomwe wopambana amapita ku Super Bowl, komwe inagonja 23-20 ku Kansas City atatu mwa osewera ake apakhoma atavulala. Zomwe inachita mu 2022 ikanatha kuzichita chaka chimodzi m'mbuyo.

Komabe sibwino kuthamangira kunena kuti wowakha ndiye amayenera kutengedwa nthawi zonse. Chiefs inagulitsa Hill mu 2022 n'kutenga chikho zaka ziwiri motsatizana, zomwe zikuonetsa kuti quarterback waluso yemwe ali ndi khoma lolimba akhoza kupambana ndi owakha wamba. Thupi la Burrow nalo lakhala likulipira ngongoleyi. Mu Novembala 2023 anaduka mtsempha wapadzanja loponyera ku Baltimore, patangotha miyezi iwiri atasaina kontrakiti ya zaka 5 ya $275 miliyoni, ndipo mu Seputembala 2025 anavulala chala chakuphazi posewera ndi Jacksonville Jaguars n'kukhala kunja kwa miyezi yoposa iwiri. Palibe anganene motsimikiza kuti Sewell akanaletsa kuvulala kumeneku, koma quarterback yemwe amagwetsedwa koposa ka 40 pasizoni amakhala pachiswe, ndipo mbali ina ya vutoli ndi kaseweredwe ka Burrow mwini, yemwe amakonda kusunga mpira podikira kuti wowakha amasuke patali. Kukhala ndi Chase kumalimbikitsa khalidwe limeneli, chifukwa kudikirako nthawi zambiri kumabala zipatso.

Poyeza zonsezi, njira ya Chase ndiyo inali yoyenera Bengals ya 2021, pazifukwa zomwe sizipezeka kutimu iliyonse: quarterback anali alipo kale ndipo anali pamalipiro otsika, wowakhayo ankadziwana naye, malo onse awiri a tackle anali ndi anthu oti n'kupirira nawo, ndipo pobooka penipeni panali pakati, malo omwe satsekedwa ndi nambala 5. Timu yomwe ikuyamba kumene kumanga ndipo siili pachangu, monga Lions ya 2021 yomwe inali itangogulitsa Matthew Stafford, ikhoza kupindula kwambiri poyamba ndi khoma n'kudikira zaka ziwiri kapena zitatu. Timu yomwe yabooka paliponse ndipo ilibe quarterback yemwe zaka zake zotchipa zikutha ndiyo yoyenera kugulitsa nambala. Chinthu chimodzi chikanasintha mwa zinayi zija, makamaka Williams akanakhala kuti palibe, yankho likanapendekera kwa Sewell.

Pali njira yachinayi yomwe pafupifupi palibe wochemerera anaiganizira mu 2021, chifukwa maso onse anali pa Burrow, ndiyo yosankha wosewera wa gulu lotchinga. Patrick Surtain II anapita ku Denver Broncos pa nambala 9 ndipo Micah Parsons anapita ku Dallas Cowboys pa nambala 12. Panthawiyo kutero kukanaoneka ngati misala, koma sizoni ya 2024 inaonetsa malire a timu yomwe chuma chake chonse chili mbali imodzi. Chaka chimenecho Burrow anatsogola ligi yonse ndi mayadi 4,918 ndi ma touchdown 43, Chase anatsogola pamipira yowakha ndi 127, pamayadi ndi 1,708 komanso pama touchdown ndi 17, koma Bengals inapambana masewero 9 okha ndipo sinalowe m'ndime ya chipulula. Inagonja 38-33 kwa Washington, 41-38 ndi 35-34 kwa Ravens, komanso 44-38 kwa Steelers, ndipo m'sewero la 35-34 lija Chase anapeza mayadi 264 ndi ma touchdown atatu osapindula kanthu. Surtain ndiye anasankhidwa kukhala wotchinga wabwino koposa mu ligi chaka chomwecho.

Mu Malichi 2025 timuyi inatsimikiza njira yake posainitsa Chase kontrakiti ya zaka 4 ya $161 miliyoni ndi Higgins ya zaka 4 ya $115 miliyoni, kuwonjezera pa ya Burrow. Anthu atatu akamadya gawo lalikulu chotero la ndalama zololedwa, malo ena onse ayenera kudzazidwa ndi anyamata otchipa ochokera mu draft, ndipo n'zomwe zakhala zikuchitika: tackle Amarius Mims wa ku Georgia pa nambala 18 mu 2024, kenako Shemar Stewart wa ku Texas A&M, wothamangitsa ma quarterback a adani, pa nambala 17 mu 2025, ndi guard Dylan Fairchild m'ndime yachitatu chaka chomwecho. Timu yopambana masewero 9 kapena kuposerapo imasankha pakati kapena kumapeto kwa ndime yoyamba, komwe anthu ngati Sewell ndi Chase amakhala atatengedwa kale, choncho pofika 2025 khoma ndi gulu lotchinga zinkadalira kuti Duke Tobin, mkulu wosankha osewera ku Bengals, ndi ofufuza osewera ake asaphonyenso m'ndime yachiwiri ndi yachitatu monga anachitira ndi Carman.